Ulusi Umene Waveka Mbare: Kuchokera ku Machila Kufika kwa Kangaude

Ku Mupedzanhamo, msika waukulu wa kaunjika mu lokeshoni ya Mbare mumzinda wa Harare, malonda amayamba ndi kudula zingwe za belo. Mwini katundu amayala chipepala cha pulasitiki pansi, n'kuyamba kudula zingwezo imodziimodzi, ndipo zovala zimene zinapanikizidwa kutsidya kwa nyanja zimatukumuka, fungo la mankhwala lili guu. Ogula oyamba, amene amakagulitsanso ku Glen View, Budiriro kapena Mabvuku, amakhala atazungulira kale. Wina amatola malaya, kuwayang'ana kukhosi ndi m'khwapa, kukoka msoko kuti aone ngati uli wolimba, kenako n'kuwakoleka paphewa dzanja lina likufufuza kale za pansi. Ndi ochepa amene amawerenga kansalu kakang'ono kosokeredwa m'kati mwa chovala, kamene kamanena ulusi womwe unagwiritsidwa ntchito. Pa zovala zambiri, kansaluko kamatchula poliyesita.

Poliyesita ndi pulasitiki wochokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo lero woposa theka la ulusi wonse wopangidwa padziko lapansi ndi umenewu. Asayansi a ku Japan, Germany, America ndi China ali kalikiliki kufunafuna ulusi wina wodzalowa m'malo mwake, ndipo ambiri mwa iwo maso awo ali pa kangaude. Nkhaniyi ingaoneke ngati siikuwakhudza amayi ogulitsa mabhero, monga kaunjika amatchedwera kumeneko. Koma mbiri ya malokeshoni a Harare ikuonetsa kuti nthawi iliyonse imene ulusi wasintha, moyo wa anthu a kumeneko wasinthanso, kuphatikizapo wa ana ndi zidzukulu za machona ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Chopweteka n'chakuti kawirikawiri iwo amamva za kusinthako zonse zitagamulidwa kale kwina.

Nsalu isanabwere pa sitima

Anthu a chigawo chino sanayambe kuvala chifukwa cha sitima za azungu. Ofukula zakale anapeza timapale toboola pakati, tolemetsera kamtengo kopotera thonje, ku Great Zimbabwe ndi ku Mapungubwe, ndipo ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi, anapeza zidutswa za nsalu m'manda a anthu olemera. Ashona ankaluka gudza, chofunda cha luzi lofewetsedwa ndi kupotedwa pantchafu. Achewa ankasenda khungwa la mombo, kuliviika, n'kulisasantha mpaka litafewa kukhala chiwondo.

M'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire munkaombedwa machila, nsalu zokhuthala za thonje zimene amuna ankaomba pa zikhomo zozikidwa pansi. Machila anali chuma. Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena ankawagula n'kukasinthanitsa ndi golide m'dziko la Mwene Mutapa. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima ndi kupota thonje m'midzi yambiri, lachikuda lotchedwa kaja ndi lobwera lotchedwa manga. Asodzi nawo ankapota maukonde ndi ulusi wa zomera monga bwazi.

Ngakhale kangaude anali ndi malo ake pa luso la makolo. Oimba valimba kumunsi kwa Shire ndi oimba silimba ku Zambia ankaboola zikho zokuzira mawu n'kumatapo kachikopa koyera kamene kangaude wina amaphimbira mazira ake pakhoma kapena padenga. Kachikopako n'kopyapyala kwambiri koma sikang'ambika wamba, ndipo n'kamene kamapatsa choimbiracho mawu ake onjenjemera aja. Amisiriwo anazindikira kalekale kuti chimene kangaude amatulutsa n'chopepuka komanso n'cholimba.

Chimene chinagwetsa machila si ulesi wa oomba ayi. Nkhondo za akapolo ndi chilala cha 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi ya ku Shire, ndipo nsalu zopangidwa ndi makina zinasefukira: merikani wochokera ku America kudzera ku Zanzibar, kenako nsalu za ku Manchester ndi ku India zogulitsidwa m'sitolo za Mandala ndi za amwenye. Munthu woomba ndi manja sakanapikisana ndi makina oyendera nthunzi. Atsamunda atakhazikika, thonje linapitiriza kulimidwa, koma tsopano linkatumizidwa kunja losapota n'kubwerera litasanduka nsalu yogula ndi ndalama. Kumeneku kunali kusintha koyamba, ndipo eni thonje anatsala ndi khasu lokha.

Telala wa pakhonde

Mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, unayamba mu 1890, ndipo mu 1907 atsamunda anapatula malo okhala anthu akuda otchedwa Harari, amene lero ndi Mbare. Highfield inatsatira m'zaka za m'ma 1930, kenako Mabvuku, Mufakose, Rugare, Dzivarasekwa, Kambuzuma, Tafara ndi ena. Kwa zaka zambiri antchito ochuluka a mumzindawo anali obwera kuchokera ku Nyasaland (lero Malawi), Northern Rhodesia (lero Zambia) ndi Mozambique. Msonkho ndi thangata zinkawathamangitsa kwawo. Oyambirira ankayenda wapansi kudzera ku Tete ndi Mutoko, masabata angapo ali m'njira. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere onyamula antchito mwaulere, ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene linkadziwika kuti Mthandizi. Ngakhale Kamuzu Banda, ali mnyamata, anayamba wagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, asanapitirire ku South Africa.

Ambiri mwa amunawa ankagona m'mahositelo monga Matapi ndi Nenyere, chitupa chili m'thumba, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Ena anali ophika, ena osamalira maluwa, ena a njanji ndi a m'mafakitale. Ndipo ena, makamaka Ayao amene luso la singano linali lawo kale, anali matelala.

Telala wa nthawi imeneyo ankakhala pakhonde la sitolo kapena pakhomo la kanyumba kake, makina a Singer opalasa ndi mapazi ali patsogolo, tepi ili m'khosi, kachoko kali kukhutu, simbi yamakala ikufuka pambali. Ntchito yake yambiri sinali yosoka zatsopano. Ankatembenuza kolala yoperepeseka kuti mbali yabwino ibwere kunja, kuika chigamba pathako la kabudula wa khaki, kubweza thalauza la bwana kuti limukwane wantchito amene wapatsidwa. Mnzake wakumudzi akafika ndi malaya m'manja ankangoti, "Achimwene, awa mundikonzere, Lamulungu ndili ndi ulendo wa kutchalitchi," ndipo mtengo ankagwirizana malipiro a mwezi akatuluka. Pakhonde pomwepo pankafikira makalata, pankamveka za maliro a kumudzi, ndipo amene akubwerera kwawo ankanyamulirapo zovala zokapatsa abale. Mtchona amene wapeza mwayi wobwerera ankafuna kufika ndi zinthu zitatu zooneka: suti, njinga ndi makina osokera.

Amayi nawo anapeza njira yawo kudzera mu ulusi. Malamulo a tauni sankawafuna, ndipo ntchito zolembedwa za akazi zinali zochepa. Mu 1938, Elizabeth Musodzi Ayema, wodziwika kuti Mai Musodzi, amene mwamuna wake anali wochokera ku Northern Rhodesia, anatsogolera kuyambitsa bungwe la amayi la Harare African Women's Club. Mwa zina, amayi ankaphunzitsana kusoka ndi kuluka. Holo ina ku Mbare ikudziwika ndi dzina lake mpaka lero. M'mipingo namo munali ntchito ya singano. Mpingo wa anthu ochokera ku Nyasaland, umene unayamba kutumikiridwa ku Salisbury mu 1912 n'kudzakhala sinodi ya CCAP mu 1965, unali ndi amayi a Chigwirizano, ndipo mipingo ina inali ndi a Ruwadzano. Mabulauzi, masiketi ndi maduku a amayiwa, pamodzi ndi mayunifolomu a ana asukulu, zinadyetsa mabanja a osoka ambiri.

Zaka za mafakitale

Boma la Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) linatsegula malo ofufuzira za thonje ku Gatooma, komwe lero ndi Kadoma, mu 1925. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itasokoneza maulendo a panyanja, nsalu za ku Britain zinasowa, ndipo fakitale ya boma yopota ulusi inayamba ntchito ku Gatooma komweko mu 1943. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, kampani ya David Whitehead ya ku Lancashire inatsegula fakitale yoomba nsalu ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu. Amalawi akuidziwa bwino kampaniyi, chifukwa inatsegulanso fakitale ku Blantyre mu 1967 n'kuveka dziko lonse zitenje.

Mtsogoleri wa Southern Rhodesia, Ian Smith, atalengeza ulamuliro wa azungu popanda chilolezo cha Britain pa 11 Novembala 1965, mayiko anamutsekera malonda. Chimene sichikanagulidwa kunja chinayenera kupangidwa momwemo. Alimi ang'onoang'ono a ku Gokwe analimbikira thonje, lothyola ndi manja, limene linkayamikiridwa chifukwa cha kuyera kwake. Mafakitale osoka zovala anachuluka ku Southerton, Workington, Graniteside ndi Willowvale, pafupi ndi malokeshoni, ndipo m'mawa uliwonse misewu yochokera ku Highfield, Mbare ndi Glen Norah inkadzaza njinga ndi anthu oyenda pansi.

Palibe chifukwa chokometsera nthawi imeneyo. Malipiro anali ochepa, maudindo ankayendera khungu, ndipo phindu linkapita kwa eni ake ochepa. Komabe panachitika chinthu chimene chinasowa chithereni machila: ntchito yonse, kuyambira kumunda, kuchotsa njere, kupota, kuomba, kudaya mpaka kusoka, inkachitikira m'dziko limodzi. Ufulu utabwera mu 1980 ntchitoyi inapitirira, ndipo zovala zosokedwa mu Harare ndi Bulawayo zinkagulitsidwa ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America.

M'zaka zomwezo munalowa mlendo wina. Nayiloni anapangidwa koyamba mu 1935 ndi Wallace Carothers wa kampani ya DuPont ku America, ndipo kampaniyo pomulengeza mu 1938 inamuyerekeza ndi chitsulo pa kulimba ndiponso ndi ukonde wa kangaude pa kupyapyala. Poliyesita anatsatira mu 1941 ku Britain. M'malokeshoni munafika malaya a nayiloni, mathalauza a terelini ndi madiresi a kirimplini. Anthu anazikonda pa zifukwa zomveka. Mwamuna wa ku hositelo amene anali ndi malaya amodzi ankatha kuwachapa madzulo n'kuwavala m'mawa ataumiratu, osafuna simbi. Ku nyanja ya Malawi maukonde a nayiloni anachotsa a ulusi wa zomera. Ngakhale marimba amene anakonzedwa pa koleji ya Kwanongoma ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1960, amene lero akuimbidwa m'masukulu a Harare, amamatidwa kapepala ka pulasitiki pamalo pamene makolo ankamata kachikopa ka kangaude.

Makina atazima

Mu 1991 boma la Zimbabwe linayamba ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka chuma yotchedwa ESAP, mogwirizana ndi World Bank ndi IMF. Zipata za malonda zinatsegulidwa, chiwongoladzanja cha ngongole chinakwera, ndipo mafakitale amene anali atangokongola ndalama zogulira makina atsopano anagwira njakata. Chilala cha 1992 chinawononga thonje, ndipo m'chaka chomwecho South Africa inakweza msonkho wa nsalu ndi zovala zolowa m'dziko lake. Cha m'ma 1994 fakitale yaikulu ya Cone Textiles ku Chitungwiza inatsekedwa, anthu masauzande n'kutsala pa ulova. Mafakitale ena osoka anatsatira. David Whitehead ya ku Zimbabwe inalowa m'mavuto aakulu m'zaka za m'ma 2000, ndipo ya ku Blantyre inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003.

Amuna atachotsedwa ntchito, mabanja ambiri anapulumukira pa zala za amayi. M'makonde a Highfield, Mufakose ndi Glen Norah, pamaliro, pamzere wa kuchipatala ndi m'basi, mayi ankaoneka ndi mpukutu wa ulusi woyera m'chikwama ndi kachitsulo kokowera m'dzanja, akuluka madhoiri: tinsalu tamaluwa toyala pa mipando, nsalu za patebulo ndi zoyala pabedi. Zala zinkayenda zokha mwini wake akucheza. Katundu akakwana, ankamulongedza m'zikwama zazikulu zamizeremizere n'kukwera basi kapena sitima ya ku Johannesburg, Durban, Cape Town kapena Gaborone. Kumeneko ankagogoda khomo ndi khomo, kusiya katundu pangongole n'kudzatolera ndalama kumapeto kwa mwezi, kenako n'kubwerako ndi mapoto, nsapato ndi zina zodzagulitsa kwawo. Ana ambiri amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino analipiridwa fizi ndi madhoiri amenewo.

Mabhero ndiwo anadzaza mpata umene mafakitale anasiya. Ambiri amalowa kudzera ku Mozambique, ndipo Mupedzanhamo inasanduka likulu lake. Mu 2005, ntchito ya boma yogumula nyumba ndi misika yotchedwa Murambatsvina inasesa malokeshoni, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, pogwirira ntchito kapena zonse ziwiri. Ana a machona anavutika kwambiri, popeza ambiri analibe mudzi m'Zimbabwe woti n'kuthawirako. Mu 2015 nduna ya zachuma Patrick Chinamasa inalengeza kuletsa kuitanitsa zovala zakale, koma malondawo sanathe, chifukwa munthu wa ndalama zochepa alibe kwina kogula. Thonje nalo linalowa pansi: dziko limene linakolola matani pafupifupi 350,000 mu 2012 silinakwanitse ngakhale matani 40,000 mu 2016, alimi atagwa mphwayi ndi mitengo.

Tsopano pali vuto limene akale sanaliganizire. Chovala cha thonje chikatha chimasanduka chigamba, kenako chokolopera, kenako chimaola. Cha poliyesita sichiola. Chimatseka ngalande, chimadzaza kudzala la Pomona, ndipo chikatenthedwa utsi wake ndi woipa. Chikamachapidwa chimathothoka tiulusi tosaoneka ndi maso, timene timapita ndi madzi. Mtsinje wa Mukuvisi, umene umadutsa m'mphepete mwa Mbare, umakathira ku Lake Chivero, komwe mzinda wa Harare umatunga madzi akumwa.

Chifukwa chake asayansi akulondola kangaude

Kangaude woluka ukonde wozungulira amatha kutulutsa mitundu ya ulusi yofika 7, uliwonse ndi ntchito yake. Umene umakopa asayansi ndi uja amalendewerapo ndi kumangira mizati ya ukonde. Ukayerekezedwa ndi chitsulo cholemera mofanana, ulusiwu ndi wolimba kuposa chitsulo, ndipo umatamuka kwambiri usanaduke, moti umapirira kugundidwa kuposa Kevlar, ulusi wa zovala zotchinga zipolopolo. Wolimba koposa mwa amene anayezedwa ndi wa kangaude wa ku Madagascar amene asayansi anamulongosola mu 2010 n'kumutcha dzina la Darwin, amene amatchera maukonde odutsa pamwamba pa mitsinje. Zonsezi kangaude amapanga ndi mapuloteni ndi madzi m'thupi mwake, popanda moto, pamene poliyesita amafuna kutentha koposa madigiri 250 kuti asungunuke n'kukokedwa.

Anthu akhala akuyesa kuvala ulusi umenewu kwa zaka zoposa 300. Mu 1709 Mfalansa wina, François Xavier Bon de Saint Hilaire, anapanga masokosi ndi magolovesi ndi ulusi wa tizisa ta mazira a akangaude. Katswiri René Réaumur atafufuza nkhaniyi anapeza chopinga chimene chilipobe lero: akangaude sawetedwa, chifukwa ukawasunga pamodzi amadyana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, wansembe wina wa Chijezwiti ku Madagascar, Paul Camboué, anayesa kukoka ulusi mwachindunji kuchokera kwa akangaude amoyo, ndipo nsalu ya mtundu umenewu inakaonetsedwa ku Paris mu 1900. Patapita zaka zambiri, Simon Peers ndi Nicholas Godley anatsitsimutsa lusoli ku Antananarivo, ku Madagascar komweko. Anthu ambirimbiri ankatola akangaude m'mawa uliwonse, kuwakoka ulusi n'kuwabwezera kutchire. Patatha zaka zingapo, atagwiritsa ntchito akangaude oposa 1 miliyoni, anapeza nsalu imodzi yachikasu chowala, yotalika mamita atatu ndi pang'ono, imene inaonetsedwa ku New York mu 2009. Abale a kangaude ameneyu alipo ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe: ndi aja akuluakulu a miyendo yaitali amene amatchera maukonde achikasu pakati pa mitengo ndi pa mawaya m'nyengo ya dzinja.

Zinali zoonekeratu kuti njira imeneyo siingaveke mudzi. Mu 1990 Randy Lewis ndi mnzake pa yunivesite ya Wyoming anawerenga mbali ya DNA imene imauza thupi la kangaude kapangidwe ka puloteni ya ulusiwo. Kuyambira pamenepo funso linakhala lakuti malangizo amenewa aikidwe mwa chamoyo chiti chosavuta kuweta. Kampani ya Nexia ya ku Canada inawaika mwa mbuzi cha m'ma 2000 kuti puloteniyo izituluka mu mkaka, koma malonda sanayende ndipo kampaniyo inatha. Ena anatembenukira ku mabakiteriya ndi yisiti. Ntchito yake ikufanana ndi kufulula mowa wa masese: tizamoyo timaikidwa m'thanki, timadyetsedwa shuga, timawira masiku angapo, kenako chofunikacho chimasefedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chotuluka ndi puloteni, imene imaumitsidwa kukhala ufa, kusungunulidwa, n'kukankhidwa pa tizibowo tating'onoting'ono kuti isanduke ulusi.

Kampani ya Spiber ya mumzinda wa Tsuruoka ku Japan, imene inayamba mu 2007, inaonetsa jekete yotchedwa Moon Parka mu 2015, koma inachedwa kuigulitsa chifukwa ulusi wotsanzira kangaude ndendende umakhwinyata ukanyowa. Anasintha kapangidwe ka puloteniyo, ndipo majekete 50 okha ndiwo anagulitsidwa mu 2019, iliyonse pa mtengo wa mayeni 150,000. Kenako anamanga fakitale ku Rayong, m'dziko la Thailand, kufupi ndi minda ya nzimbe. Bolt Threads ya ku California inagulitsa mataye 50 mu 2017, iliyonse madola 314, koma pambuyo pake inakhotera ku zodzoladzola. AMSilk ya ku Germany, yoyamba mu 2008, inapangira Adidas nsapato yachitsanzo mu 2016. Mu 2023 ofufuza a pa yunivesite ya Donghua ku China analengeza kuti asintha mbozi za silika kuti zizipota ulusi wa kangaude. Madokotala nawo akuyesa puloteniyi pa ulusi wosokera mabala ndi pa zophimbira zipangizo zoikidwa m'thupi.

Gawo la Harare likhala liti?

Kunena zoona, ulusi umenewu sunafike poopseza poliyesita. Fakitale ya ku Rayong inamangidwa kuti izitulutsa matani mahandiredi angapo pachaka, pamene dziko lapansi limapanga ulusi woposa matani 100 miliyoni. Mtengo wake ndi wa anthu olemera. Opanga amati umaola m'nthaka ndi m'madzi, ndipo limenelo ndi phindu lalikulu, koma mathanki amafuna magetsi osazimazima, madzi oyera ndi shuga wambiri. Shuga amalimidwa pa nthaka ndi madzi zimene zikanatha kudyetsa anthu. Wokhala ku Glen View kapena Budiriro, kumene madzi amatha masiku osatuluka pampopi ndipo kolera wapha anthu kangapo, ali ndi ufulu wofunsa mafunso amenewa asanaombe m'manja.

Komabe chigawo chino chili ndi zambiri zimene ntchitoyi imafuna. Nzimbe zilipo ku Triangle, Hippo Valley ndi Chisumbanje, ndiponso ku Nchalo ndi Dwangwa. Luso loyendetsa mathanki akuluakulu owiritsira si lachilendo: Triangle inayamba kupanga ethanol mu 1980 ndipo Dwangwa mu 1982. Yunivesite ya NUST ku Bulawayo yakhala ikuphunzitsa za ulusi ndi nsalu kwa zaka zambiri, ndipo Harare Institute of Technology, University of Zimbabwe, LUANAR ndi MUST zili ndi ophunzira za sayansi ya zamoyo. Chinanso n'chakuti ulusi watsopanowu kawirikawiri suvalidwa wokha. Umasakanizidwa ndi ubweya kapena thonje, ndipo malaya oyamba a Spiber amene anagulitsidwa mu 2019 mbali yake yaikulu inali thonje. Dziko limene lasiya thonje lake kufa likudzitsekera lokha khomo limeneli.

Ngozi yake ndi yodziwika, chifukwa yachitikapo kawiri. Nthawi ya atsamunda thonje linkachoka losapota n'kubwerera ngati nsalu ya m'sitolo. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale anatsekedwa, ndipo anthu amene ankasokera mayiko ena anayamba kuvala zimene mayikowo ataya. Zikhoza kuchitikanso kachitatu: shuga wa ku Triangle ndi ku Nchalo azipita kunja motchipa, umwini wa luso uli kwa makampani a ku Japan ndi ku Germany, ndipo zovala zake zidzafike ku Harare zitavalidwa kale zaka zisanu.

Maboma a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique akuyenera kuyamba ndi zimene zili m'manja mwawo. Mlimi wa thonje ku Gokwe, Chipata ndi Balaka alipidwe mtengo womulimbikitsa, ndipo alipidwe pa nthawi yake. Mafakitale opota ndi kuomba a ku Kadoma, Chegutu ndi Blantyre apatsidwe magetsi odalirika ndi msika wa mayunifolomu a asukulu, anamwino ndi apolisi. Mayunivesite atumize achinyamata kukaphunzira kapangidwe ka ulusi wa mapuloteni, ndipo afufuze akangaude a kuno komwe anthu akunja asanatenge umwini wa DNA yawo. Kampani iliyonse imene idzafune shuga wa chigawo chino kuti ipangire ulusi idzauzidwe kuti kupota, kuomba ndi kusoka zichitikire konkuno. Ndipo pokambirana zimenezi, mabungwe a matelala, oluka ndi ogulitsa zovala a ku Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi malokeshoni ena aitanidwe kuyambira pa msonkhano woyamba, chifukwa ntchito ndi chakudya cha mabanja awo n'zimene zikukambidwa.